MPIKISANO WA GALIMOTO PA BWALO LONGA DZIRA

Ana inu, ena a inu munafikako ku Lilongwe, ena munangomva mbiri yake kwa akulu anu. Mzinda umenewu unasanduka likulu la dziko lathu m'chaka cha 1975, ndipo muli galimoto zambirimbiri. Ku Old Town, pa mseu wa Kamuzu Procession ndi pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, galimoto zipanikizana ndi minibasi ndi njinga za kabaza, niziyenda pang'onopang'ono monga ng'ombe zotuluka m'khola. Koma ku City Centre, ndi kumene kuli nyumba zotalikirana monga ku Area 10 ndi Area 43, miseu iri yotakasuka, ndipo woyendetsa wosowa nzeru ayesedwa kuti athamange. Phunziro lino likuuzani za malo ena kumene kuthamangitsa galimoto kuli kololedwa, ndi za nzeru imene anthu anaitola kumeneko pa zaka zoposa 100.

Bwalo lake

Ku Area 48 kuli bwalo lalikulu la masewera lotchedwa Bingu National Stadium, limene linatsegulidwa mu 2017. Pakati pake pali posewerera mpira, ndipo m'mbali mwake muli njira ya anthu ochita liwiro. Njirayo iri ndi mbali ziwiri zowongoka ndi mbali ziwiri zokhota, ndipo maonekedwe ake akunga dzira. Wozungulira kamodzi athamanga mamita 400, nafika pomwe anayambira.

Tsono taganizani njira yotere, koma yotalika kakhumi, yomangidwira galimoto. Kuno ku Malawi kulibe bwalo lotere. Lomveka koposa onse liri kutali kutsidya kwa nyanja yamchere, m'dziko la America, pa mzinda wa Indianapolis. Kulizungulira kamodzi ndiwo mailosi awiri ndi theka, ndiko kuti makilomita 4, mtunda umene munthu wa pansi auyenda pafupifupi ola lathunthu. Liri ndi mbali ziwiri zazitali zowongoka, mbali ziwiri zazifupi, ndi ngodya zinayi zokhota. Chaka ndi chaka, kumapeto kwa mwezi wa Meyi, pamene ife tiri kututa chimanga, galimoto 33 zizungulira bwalolo maulendo 200. Mtunda wonse ukwana mailosi 500, kapena makilomita 805, ndipo chifukwa chake mpikisanowo utchedwa Indianapolis 500. Kuti muzindikire kutalika kwake, dziwani kuti munthu wochoka ku Lilongwe kunka ku Blantyre, nabwerakonso, sanaukwanitse mtunda umenewu. Anthu odzapenya afika pafupifupi 300,000 tsiku limodzi, ndiwo okwanira kudzaza bwalo la Bingu kasanu ndi kawiri.

Galimoto zake

Mukapenya galimoto iriyonse ya pa mseu, muona kuti magudumu ake ali obisika pansi pa thupi lake, ophimbidwa ndi chitsulo kuti matope asawazike. Galimoto za mpikisano uwu siziri chotero ayi. Thupi lake liri lopapatiza ngati bwato, muli mpando umodzi wokha, ndipo magudumu onse anayi ali poyera kunja kwa thupi. Woyendetsa akhala pansi kwenikweni, chogonera kumbuyo, miyendo itatambalala kutsogolo. Mulibe malo a katundu kapena a mlendo, pakuti chiri chonse cholemera chichepsa liwiro. Makina ake ali kumbuyo kwa woyendetsa. Kale anali kutsogolo, kufikira mu 1965 pamene Jim Clark wa ku Scotland anapambana ndi galimoto ya makina akumbuyo, ndipo ena onse anatsata njira yomweyo.

Kutsogolo ndi kumbuyo kuli mapiko. Mwina mufunsa kuti, kodi galimoto ifunanji mapiko, popeza siuluka? Mudziwa kuti mphepo ya mkuntho isasula denga nilinyamula. Mapiko a ndege apangidwa kuti mphepo iinyamule chotero. Koma mapiko a galimoto iyi ali otembenuzidwa, kuti mphepo iikanikizire pansi. Pamene ithamanga kwambiri, pomweponso mphepo iikanikiza kwambiri, ndipo matayala agwira njira osaterereka.

Komatu magudumu apoyerawa ali ndi choopsa chawo. Galimoto ziwiri zikayandikana kwambiri, gudumu la ina nkukhudza la inzake, limodzi likwera pa linzake, ndipo galimoto ikhoza kudumphira m'mwamba. Chifukwa chake oyendetsa, ngakhale apikisana, ayenera kusiyirana malo. Wokankha mnzake adziphetsa yekha.

Chifukwa chake njira iri yopendekeka

Tengani mbale yakuya, muikemo ndimu, ndi kuizunguza. Muona kuti ndimuyo ithawira kunja nikwera m'mbali mwa mbale. Mukachita chomwecho pa lichero losalala, ndimu igwa pansi. Chinthu chiri chonse choyenda chifuna kupitirira molunjika, ndipo kuchikhotetsa kufuna mphamvu. Galimoto nayonso pofika pokhota ifuna kupitirira kunja kumene kuli khoma. Chotero omanga bwalo anakweza mbali ya kunja ya ngodya zonse zinayi, kuti njira ipendekere mkati monga m'mbali mwa mbale, ndipo kupendekako kuthandiza galimoto kukhota.

Pa miseu yozungulira ya ku Lilongwe galimoto zizungulira kutsata njira ya mivi ya wotchi, popeza ife tiyenda kumanzere kwa mseu. Koma pa bwalo la Indianapolis zikhotera kumanzere kokhakokha, monga achita othamanga pa bwalo la Bingu. Maulendo 200 pa ngodya 4 ndiko kukhotera kumanzere ka 800. Chifukwa cha ichi amisiri achita mwanzeru: tayala lakumbuyo la kudzanja lamanja alipanga lokulirapo pang'ono kuposa la kumanzere. Gubuduzani ndowa pabwalo, ndipo muona kuti siyenda molunjika, koma ikhotera kumene kuli mbali yake yaing'ono. Galimotoyo ichita chimodzimodzi.

Chiyambi chake

Bwaloli analimanga mu 1909 munthu wamalonda dzina lake Carl Fisher pamodzi ndi anzake atatu. Masiku amenewo galimoto zinali zatsopano, miseu inali yoipa, ndipo iwo anafuna malo oyeserapo galimoto kuti opanga aone pamene ziri zofooka. Poyamba anayala miyala yoswa ndi phula. Koma m'mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho, atayamba kupikisana, njirayo inakumbika, miyala inauluka, ndipo pa masiku atatu anafa anthu 5, ena a iwo odzangopenya. Pamenepo eni bwalo anaimitsa zonse, nayala njira yonse ndi njerwa zoposa 3,000,000. M'zaka za pambuyo anathira phula pamwamba pa njerwazo, ndipo kuyambira 1961 patsala kamzere ka njerwa kotambalala yadi imodzi, pamene galimoto ziyambira ndi kutsirizira.

Mpikisano woyamba wa mailosi 500 unachitika pa 30 Meyi 1911, ndipo galimoto 40 zinalowa. Mwambo wa nthawi imeneyo unali wakuti m'galimoto mukhale anthu awiri, woyendetsa ndi mmisiri, amene ntchito yake ina inali kucheuka ndi kumuuza za galimoto zodza kumbuyo. Koma Ray Harroun anali ndi galimoto ya mpando umodzi, yotchedwa Marmon Wasp. Anzake anadandaula kuti adzachititsa ngozi posaona kumbuyo. Tsono iye anamanga kalirole patsogolo pake, kuti aone zakumbuyo osacheuka. Lero galimoto iriyonse, minibasi ndi njinga yamoto ya kabaza ziri ndi kalirole wotere.

Harroun anali atazindikira kuti njerwa zidya matayala a munthu wothamanga kopambana muyeso. Chotero anadziikira liwiro limodzi, nalisunga, ngakhale ena anampitirira. Iwo anaima kawirikawiri kusintha matayala ong'ambika, iye anaima pang'ono. Anatsiriza woyamba patapita maola 6 ndi mphindi 42, pa liwiro la makilomita 120 pa ola. Akulu athu anati, kuthamanga si kufika, ndipo mpikisano woyambawo unachitira umboni mawu amenewa.

Kayendedwe ka mpikisano

Masiku a patsogolo pa mpikisano, woyendetsa aliyense azungulira yekha maulendo 4, ndipo amyesa nthawi. Opambana liwiro aikidwa kutsogolo. Tsiku lenileni galimoto 33 zifola zitatuzitatu m'mizere 11. Siziyamba zitaima ayi, koma zitsata galimoto yotsogolera mwa dongosolo, kufikira iyo itapatuka ndi mbendera yobiriwira itakupizidwa. Pamenepo phokoso lake likunga bingu losaleka.

Liwiro la masiku ano liri lodabwitsa. Mu 1996 Arie Luyendyk wa ku Netherlands anazungulira kamodzi pa makilomita 382 pa ola. Pa liwiro lotere galimoto ipitirira bwalo lonse la mpira pa sekondi imodzi, musanathe kutchula dzina lanu. Mu 2021 Hélio Castroneves wa ku Brazil anatsiriza mailosi onse 500 pa maola 2 ndi mphindi 37, ndipo kunali kupambana kwake kwachinayi.

Oyendetsa alankhulidwa ndi mbendera ndi nyali. Yobiriwira iti, thamangani. Yachikasu iti, pali choopsa, chepetsani liwiro, musapitirirane, tsatani galimoto yotsogolera. Yofiira iti, imani nonse. Yoyera iti, watsala ulendo umodzi. Ya mawangamawanga akuda ndi oyera iti, mpikisano watha. Palibe woyendetsa, ngakhale womveka chotani, amene aloledwa kunyoza mbendera, wonyoza alangidwa.

Pali nzeru inanso ya mphepo. Anthu akamayenda m'njira ya udzu wautali m'mamawa, wotsogola ndiye akankha udzu nanyowa ndi mame, ndipo wotsata ayenda mopepuka. Pa liwiro lalikulu mpweya uli ngati udzu umenewo. Galimoto yotsogola iung'amba ndi mphamvu yambiri, ndipo yotsata pafupi ipeza njira yotseguka, nisunga mafuta ake. Chotero wochenjera nthawi zina akhala dala pambuyo, nayembekeza nthawi yoyenera kupitirira.

Mutu umodzi susenza denga

Galimoto singathe mtunda wonse osaima. Thanki yake ilowa malita 70 okha, ndiwo a maulendo ngati 30, ndipo matayala nawo atha. Chotero pambali pa njira pali malo oimapo, ndipo gulu lirilonse liri ndi pake. Galimoto ikaima, amisiri 6 kapena 7 ailumphira pamodzi. Wina aikweza, anayi asintha magudumu, yense lake, wina athira mafuta, ndipo zonsezi zitha masekondi 10 asanakwane. Mmodzi yekha akachedwa, kapena akapanda kumanga bwino gudumu lake, ntchito ya onse itayika. Palinso munthu wina woima pamwamba pa bwalo amene auza woyendetsa pa wailesi za galimoto ziri m'mbali mwake, ndi ena owerengera mafuta, amene ntchito yawo ndi masamu okhaokha.

Mafutawo si petulo wamba. Mu 1964 oyendetsa awiri, Eddie Sachs ndi Dave MacDonald, anafa pa ngozi ya moto waukulu wa petulo, ndipo pambuyo pake anthu anasiya petulo natembenukira ku mafuta a mtundu wina. Kuyambira 2023 athira mafuta ochokera ku zomera, ndipo muli ethanol wa zotsala za nzimbe. Ethanol ndiwo madzi aukali onga a m'kachasu, oyaka moto. Ifenso kwathu kuno tiwapanga ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, kumene alima nzimbe, ndipo asakanizidwa ndi petulo wa galimoto za pa miseu yathu.

Anthu awiri oti muwakumbukire

Bwalo longa dzira la pafupi ndi ife liri ku South Africa, pafupi ndi mzinda wa Welkom, dera la migodi ya golide yonga imene agogo athu ambiri anakagwirako ntchito pa ulendo wa Wenela. Dzina lake ndi Phakisa, ndipo linatsegulidwa mu 1999. M'dziko lomwelo munachokera mnyamata wina, Tomas Scheckter, amene analowa mpikisano wa Indianapolis koyamba mu 2002. Galimoto yake inali yaliwiro koposa, ndipo anatsogola maulendo 85. Koma atatsala ndi maulendo osakwana 30, ali patsogolo pa onse, anagunda khoma pokhota. Iye anapulumuka, koma mphotho inapita kwa wina, pakuti mphotho siwerenga maulendo amene munthu anatsogola, koma ulendo wotsiriza.

Mu 2016 mnyamata winanso wolowa koyamba, Alexander Rossi wa ku America, anachita zosiyana. Anzake owerengera anamuuza kuti akasamala mafuta, akhoza kufika osaimanso. Iye anamvera, nachepetsa liwiro, ngakhale mtima wa mnyamata ufuna kuthamanga. Otsogola anaima mmodzimmodzi kukathira mafuta, iye napitirira. Pa ulendo wotsiriza mafuta anamthera, ndipo galimoto inangoyenda ndi mphamvu yotsala kufikira pa kamzere ka njerwa, koma inafika yoyamba. Anapambana ndi masamu, kumvera ndi kudziletsa.

Wopambana apatsidwa botolo la mkaka kuti amwe pamaso pa anthu onse. Mwambowu unachokera kwa Louis Meyer, amene atapambana mu 1936 anamwa mkaka wosasa kuti aphe ludzu. Ndipo musayese kuti masewerawa ndi a amuna okha. Janet Guthrie ndiye mkazi woyamba kulowa, mu 1977, ndipo Danica Patrick anatsiriza wachitatu mu 2009.

Bwalo si mseu, mseu si bwalo

Anthu ambiri anafa pa bwalo limeneli, ndipo imfa zawo zinaphunzitsa otsala. Lero woyendetsa avala chisoti cholimba ndi zovala zosagwira moto msanga, namangidwa ndi malamba pa mapewa ndi m'chiuno. Mu 2002 anaika pa ngodya khoma la zitsulo lokhala ndi zofewa kumbuyo kwake, kuti limwe mphamvu ya galimoto yogunda. Mu 2020 anaika chotchinga cholimba choonekera kuzungulira mutu wa woyendetsa. Madokotala ndi ozimitsa moto akhala chire tsiku lonse.

Tsono lingalirani. Pa bwalo galimoto zonse zipita mbali imodzi. Palibe mphambano, palibe dzenje, palibe mbuzi, palibe mayi wosenza mtolo wa nkhuni, palibe mwana wopita kusukulu. Odzapenya ali kuseri kwa khoma ndi mpanda wa waya. Oyendetsa onse ali ophunzitsidwa, ndipo galimoto iriyonse iyesedwa isanalowe. Ndi zonsezi ngozi zichitikabe. Nanga kotani pa mseu wa Presidential Way, kapena pa M1 wopyola m'midzi ndi m'misika yathu, pamene palibe chimodzi cha zotchinjiriza zimenezi? Munthu wothamangitsa galimoto pa mseu wa anthu onse satsanza akatswiri a ku Indianapolis ayi, pakuti iwo amvera mbendera ndipo athamanga pa malo opatulidwira liwiro.

Dziwaninso kuti galimoto siima pomwepo monga aima munthu. Yoyenda makilomita 50 pa ola ipita mamita 14 pa sekondi iriyonse, ndipo kuyambira pamene woyendetsa akuonani kufikira itaima ipita mamita oposa 20. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira mabuleki atagwira uwirikiza kanayi. Chifukwa chake poyenda pa mseu, yendani kudzanja lamanja kwenikweni m'mphepete, kuti muone galimoto zodza kutsogolo kwanu. Pofuna kuoloka, imani, penyani kumanja, penyani kumanzere, penyaninso kumanja, ndipo mukaona galimoto, ilekeni ipite. Gwirani dzanja la mng'ono wanu. Musathamangire mpira wogwera pa mseu.

Ena a inu mudzakhala oyendetsa galimoto, ena amisiri a makina, ena owerengera chuma. Pamenepo mudzakumbukire Harroun amene anasamala matayala ake, Rossi amene anasamala mafuta ake, ndi amisiri aja amene yense amanga gudumu lake mokhulupirika ngakhale dzina lake silimveka. Woyamba kufika ayenera poyamba kufika wamoyo.

Mafunso

1. Galimoto ya mpikisano isiyana bwanji ndi galimoto ya pa mseu? Tchulani zinthu zitatu.
2. Chifukwa ninji ngodya za bwalo ziri zopendekeka?
3. Ngati thanki ikwanira maulendo 30, galimoto iyenera kuima kangati kuti itsirize maulendo 200, itayamba ndi thanki yodzaza?
4. Kuyambira 1911 kufikira 2016 panapita zaka zingati?
5. Fotokozani mwambi wakuti kuthamanga si kufika, ndi chitsanzo cha m'mudzi mwanu.